Sopo wadula: mafunso ndi mayankho pa mitengo, umbava wa m'masitolo ndi kuchapa mosaboola m'thumba

Loweruka lililonse m'mawa pa mjigo wa kwathu pamadzaza mabeseni. Tsiku lina ndinaima pafupi ndi mayi amene anatulutsa kapaketi ka sopo wa ufa m'mphepete mwa chitenje chake. Anakang'amba pakona ndi mano, n'kugogoda kawiri ndi chala kuti tiufa tigwere m'madzi, kenako anakapinda bwinobwino, n'kukamanga ndi mphira, n'kukabwezera m'chitenje. Pambali pake panali mulu wa mayunifolomu a ana atatu, mathewera ndi ovololo ya bambo. Kapaketi kameneko kanayenera kufika Loweruka linalo.

Sopo amene kale tinkangomutola pomaliza pogula zinthu, lero akuwerengedwa limodzi ndi ufa, mafuta ophikira ndi makala. M'masitolo ena alonda akumuyang'anira ngati foni. Anthu ambiri akufunsa chomwe chachitika ndi chomwe angachite. Nawa mafunso amene amamveka kawirikawiri.

N'chifukwa chiyani sopo wakwera chonchi pamene wina amapangidwa konkuno?

Fakitale ikhoza kukhala ku Blantyre, koma zambiri zolowa mumphika wake zimachokera kunja. Sopo wa tabuleti amapangidwa pophatikiza mafuta ndi kositiki soda. Mafuta amene makampani ambiri amagwiritsa ntchito ndi a kanjedza, ndipo ochuluka kwambiri pa dziko lonse amachokera ku maiko awiri okha, Indonesia ndi Malaysia. Sopo wa ufa ndiye wosiyana: mankhwala ake ochotsa litsiro amachokera ku mafuta a pansi, omwewo amene amatipatsa petulo ndi palafini. Ngakhale pepala la pulasitiki lokutira paketi limachokera komweko.

Chaka cha 2022 zonsezi zinakwera nthawi imodzi. Russia italowa mu Ukraine mu February, mafuta a pansi anadutsa madola 100 pa mgolo. Ukraine ndi dziko limene linkagulitsa mafuta a mpendadzuwa ochuluka, ndiye atasowa, ogula anathamangira ku mafuta a kanjedza, nawonso n'kukwera. Kumapeto kwa April chaka chomwecho Indonesia inaletsa kwa masabata angapo kutumiza mafuta ake kunja pofuna kuteteza anthu ake.

Ife tinawonjezera mavuto athu. Mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, moti dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Kampani imene inkaitanitsa mafuta ndi kositiki soda inayamba kufuna makwacha ochuluka pa katundu yemweyo, ndipo madolawo m'mabanki samapezeka msanga. Dziko lathu lilibenso nyanja yolowera sitima zikuluzikulu. Katundu amatsikira ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, n'kuyenda ulendo wautali pa thiraki kapena pa njanji. Dizilo akakwera kapena akasowa, mtengo wake umakathera pa tabuleti ya sopo imene mukugula pa okala.

Ndiye kuti vutoli ndi la Malawi yekha?

Ayi. Abale athu amene ali ku Britain amatiuza kuti kumenekonso sopo wochapira wasanduka nkhani. Mu October 2022 kukwera kwa mitengo ya zinthu m'dzikolo kunafika pa 11.1 peresenti, mlingo umene unali usanaonekeko kwa zaka pafupifupi 40. Ku America kunafika pa 9.1 peresenti mu June chaka chomwecho. Ziwerengero zimenezi n'zochepa poyerekeza ndi zathu, pakuti kuno mu 2024 kukwera kwa mitengo kunali kupitirira 30 peresenti kwa miyezi yambiri, koma kwa munthu wolandira malipiro ochepa ku Manchester ululu wake ndi womwewo: akalipira lendi, magetsi ndi chakudya, sopo amatsalira.

Ku Britain kuli bungwe lachifundo lotchedwa The Hygiene Bank, limene linayamba mu 2018, ndipo ntchito yake ndi kusonkhanitsa sopo, mankhwala otsukira mano ndi zina zotero n'kugawira mabanja ovutika. Sukulu zina kumeneko zinaika makina ochapira kuti ana ochokera m'mabanja osowa asamajombe chifukwa cha manyazi a yunifolomu yakuda. Mphunzitsi aliyense wa ku Ntcheu kapena ku Chipata akhoza kuimvetsa nkhani imeneyi popanda womufotokozera. Mwana amene anzake amamuseka kuti akununkha amayamba kukhala kumbuyo kwa kalasi, kenako amayamba kudwala mutu m'mawa uliwonse.

Mwa zinthu zonse za m'sitolo, mbala zimasankhiranji sopo?

Chifukwa sopo amagulika msanga. Nyumba iliyonse imamufuna, saola, sachedwa kutha, ndipo alibe nambala yomulondolera ngati foni kapena wailesi. Paketi yobedwa ikafika pa benchi pamsika imafanana ndendende ndi inzake yogulidwa moyenera.

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi cha Tide, sopo wochapira amene kampani ya Procter & Gamble inayamba kugulitsa ku America mu 1946. Cha m'ma 2012 apolisi a m'madera angapo anazindikira kuti mabotolo a sopoyu akubedwa modabwitsa. Ku Minnesota munthu wina anagwidwa ataba Tide wa madola pafupifupi 25,000 m'miyezi 15. Ku Maryland apolisi ankati akakathyola nyumba za ogulitsa mankhwala ozunguza bongo, ankapeza mabotolo a Tide ataunjikidwa. Magazini ya New York inalemba nkhaniyi mu 2013, n'kufotokoza kuti botolo lalikulu limene m'sitolo linali pafupifupi madola 20, pamsewu linkasinthidwa ndi madola 5, kapena ndi mankhwala ozunguza bongo a madola 10. Sopo anali atasanduka ndalama. Kuchokera pamenepo masitolo ambiri ku America amatsekera sopo wochapira m'makabati a galasi, moti wogula amachita kuitana wantchito kuti amutsegulire.

Ku England ndi Wales milandu ya kuba m'masitolo imene apolisi analemba inadutsa 500,000 m'chaka cha 2024, chiwerengero chachikulu kwambiri m'zaka zoposa 20. Kumenekonso mapaketi a sopo, khofi, tchizi ndi nyama amamatidwa tizipangizo tolira pakhomo.

Kodi si umphawi umene ukuwachititsa anthuwa?

Pali magulu awiri, ndipo kuwaphatikiza n'kulakwitsa. Gulu loyamba ndi la munthu amene wapanikizika: mayi amene walowetsa kapaketi kamodzi m'chikwama chifukwa mwana watsegula m'mimba usiku wonse ndipo mathewera onse ada. Anthu otere alipo, ndipo amene sanagonepo m'nyumba yopanda sopo asafulumire kuwaweruza.

Gulu lachiwiri ndi la anthu amene atenga kuba ngati bizinesi. Iwowa satenga kapaketi kamodzi. Amabwera atatu kapena anayi, wina n'kumasokoneza wa pa tilu, wina n'kumadzaza chikwama. Ena amagwirizana ndi wantchito wa mosungira katundu kapena woyendetsa galimoto, katoni n'kutsikira panjira. Gulu limeneli silichapira sopoyo, limagulitsa.

Mitengo ikakwera magulu onse awiri amakula. Loyamba limakula chifukwa cha kusowa, lachiwiri chifukwa ogula zotchipa amachuluka ndipo safunsa kuti katundu wachokera kuti. Kumvera chisoni munthu wovutika n'koyenera, koma chisonicho chisatitseke maso mpaka kuyamba kunena kuti kuba m'sitolo ndi kachinthu kakang'ono.

Sitolo yaikulu ingamve kupweteka ndi paketi imodzi?

Funso ili limamveka kawirikawiri, makamaka kwa achinyamata. Yankho lake n'lakuti paketi imeneyo pali amene amailipira, ndipo nthawi zambiri sakhala mwini sitolo.

Mdzukulu wanga wina anagwirapo ntchito yoika katundu m'mashelefu pa sitolo ina m'tauni. Mwezi uliwonse ankawerenga katundu, ndipo zimene zasowa pa mzere wake ankamudula pa malipiro. Mwezi wina anabwera kunyumba ndi envelopu yopyapyala, n'kukhala pa mpando osavula ndi nsapato zomwe, n'kunena kuti, "Agogo, mapaketi 9 a sopo asowa. Ine sindinaoneko ngakhale imodzi." Mwezi umenewo ankayenda wapansi kupita ku ntchito. Amene anatenga sopoyo mwina ankaganiza kuti walanda wolemera, pamene analanda mtsikana wa zaka 22 ndalama yake ya minibasi.

Pamene wantchito sanadulidwe, sitolo imawonjezera zotayikazo pa mitengo, pamodzi ndi ndalama ya alonda ndi makamera, ndiye tonse timalipira. Ndipo masitolo ambiri kwathu kuno si aakulu. Ndi golosale ya mayi wamasiye, ndi okala ya mnyamata amene anatenga ngongole ku banki m'khonde. Phindu la pa tabuleti imodzi n'lochepa kwambiri, moti ikabedwa imodzi, ayenera kugulitsa zingapo kuti angobweza mpamba.

Pali china chimene chimatayika: kukhulupirirana. Lero munthu wolungama amasiya chikwama pakhomo, mlonda amamulondola m'mizere, potuluka amamufufuza lisiti. Amene amalondoledwa kwambiri ndi wovala zosaoneka bwino. Umbava wa ochepa umachititsa kuti wosauka aliyense aziyang'anidwa ndi diso lokayikira.

Lamulo likuti chiyani, nanga wogula sopo wobedwa ali ndi mlandu?

Kuba ndi mlandu ngakhale chinthucho chikhale chaching'ono. Malamulo a milandu ya upandu a dziko lino amalola khoti kupereka chilango cha kundende mpaka zaka 5 pa mlandu wa kuba wamba. Mbiri yoti unamangidwapo imakutsatira pofuna ntchito zaka zambiri sopoyo atatha kale. Kulandira kapena kugula katundu ukudziwa, kapena uli ndi chifukwa chokhulupirira, kuti ngwobedwa, ndi mlandunso. Munthu akakuitanirani kuseri kwa depoti n'kukuonetsani paketi yaikulu pa theka la mtengo wake, mukudziwa kale kumene yachokera. Mukagula, mwamutuma kuti mawa akabenso.

Sopo wa kuseri ali ndi vuto linanso. Pali anthu amene amatola mapaketi otha, n'kuikamo ufa wosadziwika wosakaniza ndi mchere kapena choko, n'kumata ndi kandulo. Onani ngati paketi yamatidwa ndi makina, ngati zolemba zake zikuwerengeka bwino, ndiponso, pa katundu wopangidwa konkuno, ngati pali chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards.

Ndinenenso izi mosabisa mawu: wakuba akagwidwa, apite ku polisi. Kumumenya, kumuvula, kumujambula n'kumufalitsa pa WhatsApp, kapena kumukoleka tayala, ndi milandu yoopsa kuposa imene iye wapalamula. Palibe paketi ya sopo imene ingafanane ndi moyo wa munthu.

Timapaketi ting'onoting'ono ndi totchipa. Kodi si njira yabwino yopulumutsira ndalama?

Timathandiza pa tsikulo, koma pakutha kwa mwezi timadula. Tiyerekeze kuti kapaketi ka magalamu 25 kali pa K250, ndipo paketi ya kilogalamu imodzi ya sopo yemweyo ili pa K7,000. Mu kilogalamu muli timapaketi 40, ndiye wogula kamodzikamodzi amalipira K10,000 pa sopo amene mnzake wagula K7,000. Mitengo yeniyeni imasiyana malo ndi malo, koma masamu ake amayenda choncho pafupifupi kulikonse: wosauka amalipira zambiri chifukwa alibe ndalama yogulira chachikulu nthawi imodzi.

Njira yotulukira ndi imene amayi athu amaidziwa kale. Mabanja anayi kapena asanu asonkhe, apite ku sitolo yopikulitsa, agule paketi yaikulu kapena katoni ya matabuleti, n'kugawana ndi kapu imodzi pamaso pa onse. Mutu umodzi susenza denga. Magulu ena a banki m'khonde ndi a chipereganyu amachita kale zimenezi ndi shuga ndi mchere, ndipo sopo akhoza kulowa pa mndandanda womwewo.

Muziwerenganso kulemera kolembedwa pa paketi. Makampani ena akaopa kukweza mtengo amachepetsa katundu, paketi n'kumaoneka chimodzimodzi. Yerekezani mtengo ndi magalamu, osati ndi kukula kwa pepala. Ngati wogulitsa akubisa katundu kuti akweze mtengo, kapena mtengo wa pa shelefu ukusiyana ndi wa pa tilu, dandaulo lipite ku Competition and Fair Trading Commission kapena ku Consumers Association of Malawi.

Ndingachepetse bwanji sopo koma zovala n'kumayerabe?

Apa ndi pamene pali ndalama zambiri zoti zipulumuke, pakuti ambiri timathira sopo wopitirira muyeso. Timakhulupirira kuti thovu likachuluka ndiye kuti zovala zikuyera. Thovu silichapa. Chimene chimachotsa litsiro ndi mankhwala osungunuka m'madzimo, nthawi yonyika, kufunda kwa madzi ndi kupikicha kwa manja. Sopo akachuluka amangotsalira mu nsalu, n'kufuna madzi ambiri otsukuluzira, zovala n'kuuma zili gwa ndiponso zoyabwa.

Yambani ndi kukutumula fumbi ndi kutsukuluza matope m'madzi opanda sopo. Sopo asathere pa dothi limene madzi okha akanachotsa. Kenako sungunulani sopo wa ufa m'madzi pang'ono musanaike zovala, n'kuzinyika kwa theka la ola kapena ola lathunthu. Sopo wa ufa wambiri wamakono ali ndi timankhwala timene timaphwanya thukuta, magazi ndi zakudya, koma timafuna nthawi kuti tigwire ntchito. Wonyika amapikicha pang'ono, ndipo zovala zake zimakhalitsa. Ngati nkhuni zili zovuta, ikani ndowa ya madzi padzuwa kuyambira m'mawa. Madzi ofunda amasungunula mafuta msanga. Magazi okha ndiwo amafuna madzi ozizira, chifukwa otentha amawakhwimitsa mu nsalu.

Chapani motsatana m'madzi amodzi: zoyera poyamba, zamitundu pambuyo, zakuda kwambiri ngati masokosi ndi zovala za kumunda pomaliza. Madzi otsalawo akolopere pansi kapena atsukire chimbudzi. Mathewera ndi zovala za wodwala zokha ndizo zichapidwe pazokha, madzi ake n'kutayidwa m'chimbudzi. Pa kolala, m'khwapa ndi pa mikono pakani tabuleti pamalo pomwepo m'malo mowonjezera ufa m'beseni lonse.

Tabuleti yatsopano imakhala yofewa chifukwa ili ndi madzi ambiri, ndipo imasungunuka ngati chigumu. Ivuleni pepala, iduleni zidutswa, muiike pamalo opita mphepo kwa sabata imodzi kapena ziwiri kuti iume. Ikauma imakhalitsa. Musaisiye m'madzi pochapa, ndipo tizidutswa totsala musataye: tisonkhanitseni m'botolo, thirani madzi otentha, mupeza sopo wamadzi wotsukira mbale kapena wonyikira zovala.

Madzi nawo amasiyana. A m'mijigo ina, makamaka kumene amamveka mchere, amadya sopo wa tabuleti: thovu silibwera, pamwamba pamayandama zoyera ngati mafuta. Madzi a mvula ndi ofewa, amafuna sopo wochepa kwambiri. M'dzinja tchererani a padenga kuti azichapira.

Pomaliza, dzuwa ndi laulere. Zoyera zikayanikidwa padzuwa zimayera ndipo fungo limachoka. Zamitundu muziyanike zotembenuza kuti zisasuluke. Jinzi, juzi kapena jekete yovala tsiku limodzi nthawi zambiri imangofuna kupachikidwa pamphepo, osati kuchapidwa.

Makolo athu ankachapira chiyani sopo wa m'sitolo asanabwere? Njira zimenezo zingathandizebe?

Zingathandize, ndipo yoyamba ili kale m'khitchini mwanu. Mayi aliyense wophika therere amadziwa chidulo: phulusa loikidwa m'chitini choboola pansi, n'kuthira madzi, n'kumadontha. Madzi amenewo ali ndi mchere wa potashi umene umasungunula mafuta, ndipo ndi madzi a mtundu womwewo amene anthu akale m'maiko ambiri ankaphikira limodzi ndi mafuta a nyama popanga sopo. Pochapira, tengani phulusa loyera la nkhuni kapena la zitsononkho, lisefeni, lithireni m'ndowa ya madzi, livundulidwe, ligone usiku. M'mawa tsanulani madzi a pamwamba mosamala kudzera pa kansalu, muwasakanize ndi madzi ena, n'kunyikamo zovala za thonje zolimba monga maovololo, matawulo a kukhitchini ndi masaka. Mukatero sopo amene mudzafune pomalizitsa ndi wochepa.

Samalani zitatu. Madzi a phulusa akakhala amphamvu amawalula manja ndipo akalowa m'maso amapweteka kwambiri. Amawononga ubweya ndi silika, ndipo akhoza kusulutsa chitenje chatsopano. Ndipo phulusa likhale la nkhuni zokhazokha, osati la pamoto pamene mwatenthapo mapulasitiki, mabatire kapena matabwa opaka penti.

Zomera zina zili ndi madzi oterera kapena ochita thovu. Agogo ambiri amakumbukira kutsukira tsitsi masamba a chewe ndiponso kuchapira masamba a papaya osinja. Zimenezi zimathandiza pa thukuta ndi fumbi, koma pa girisi ndi mafuta a galimoto mphamvu yake ndi yochepa. Ku Ethiopia kuli chomera chotchedwa endod chimene zipatso zake anthu akhala akuchapira kwa zaka mazanamazana. Mu 1964 wasayansi wa m'dzikolo, Aklilu Lemma, anaona kuti kumunsi kwa malo amene amayi ankachapira ndi endod pafupi ndi Adwa, nkhono zofalitsa likodzo zinkafa. Zimene anapezazo zinamutchukitsa pa dziko lonse. Zikutiphunzitsanso kusamala: chomera chimene chikupha nkhono chikhoza kuphanso nsomba zazing'ono. Kaya mukuchapira zomera, phulusa kapena sopo wa m'sitolo, tungani madzi mukachapire kumtunda, osati mumtsinje momwemo.

Nanga soda, viniga, mandimu ndi Jik zimene anthu amalimbikitsa?

Chilichonse chili ndi ntchito yake, ndipo palibe chimene chimalowa m'malo mwa sopo kotheratu. Soda wophikira amachotsa fungo, monga la m'khwapa ndi la masokosi, koma pa litsiro mphamvu yake ndi yochepa. Wamphamvu ndi mbale wake, soda wochapira, amene amafewetsa madzi amchere kuti sopo agwire bwino. Iyeyu ndi gawo lalikulu la sopo wa ufa, ndipo amakumbidwa mu Africa momwemuno, ku Nyanja ya Magadi ku Kenya ndi ku Sua Pan ku Botswana. Kumene amapezeka, sipuni imodzi kapena ziwiri m'beseni zimalola kuti muchepetse sopo.

Viniga pang'ono m'madzi otsukuluzira omaliza amachotsa sopo wotsalira, nsalu n'kufewa. Madzi a mandimu ndi mchere, ukapaka pa dzimbiri pa nsalu yoyera n'kuika padzuwa, dzimbirilo limazimirira. Koma kusakaniza viniga ndi soda m'beseni limodzi n'kutaya ndalama. Zimachita thovu lokongola, kenako chilichonse chimapha mphamvu ya chinzake, n'kutsala madzi amchere.

Choopsa ndi Jik ndi mankhwala ena a klorini. Musawasakanize ndi viniga, mandimu kapena mankhwala otsukira chimbudzi, pakuti amatulutsa mpweya wa poizoni umene umawotcha maso ndi mapapo. Musawathirenso pa mathewera a mkodzo osatsukuluza. Jik asakanizidwe ndi madzi okha, pamalo opita mphepo, ndipo asasungidwe m'botolo la zakumwa pamene mwana angafikire.

Kodi kupanga sopo wanga kunyumba kungatchipe?

Kwa banja limodzi, kawirikawiri ayi, chifukwa mafuta ophikira nawo ndi odula. Kwa gulu limene lili ndi popezera mafuta otchipa, monga mafuta a ng'ombe a kubutchala kapena mafuta okazingira tchipisi amene atha ntchito ndipo asefedwa bwino, ndiye kuti n'zotheka, ndipo ena amapezerapo kabizinesi.

Koma ntchitoyi si yongoonera pa foni. Kositiki soda amawotcha khungu ndipo akhoza kuchititsa khungu la maso. Pamafunika magolovesi, magalasi oteteza maso ndi sikelo yoyeza molondola, pakuti mtundu uliwonse wa mafuta uli ndi muyeso wake wa soda. Soda ndiye amathiridwa m'madzi pang'onopang'ono, osati madzi pa soda, chifukwa amawira n'kuthovokera kumaso. Poto wa aluminiyamu sayenera, soda amamudya. Sopo akaumbidwa ayenera kukhala masabata 4 mpaka 6 asanagwiritsidwe ntchito. Ana asayandikire. Amene akufuna kuyamba aphunzire kwa munthu amene amapanga kale, ndipo akafuna kugulitsa atsate miyezo ya Malawi Bureau of Standards.

Ngati m'nyumba mwatsala kachidutswa kamodzi kokha, kagwire ntchito iti?

Kasambitse m'manja. Malaya akhoza kudikira, akhoza kunyikidwa m'madzi a phulusa, akhoza kuyera ndi dzuwa. Manja a mayi amene wachoka kuchimbudzi kapena wasintha thewera n'kupita kukaphika phala sangadikire. Kusamba m'manja ndi sopo kumachepetsa matenda otsegula m'mimba ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Kolera amene anabuka mu March 2022 n'kupitirira mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo ndi mliri wa kolera woopsa kwambiri umene tinauonapo. Kumene sopo ndi madzi zikusowa, mphere nazo sizichedwa kufalikira m'nyumba ndi m'zigono za ana asukulu.

Dulani kachidutswako pawiri, theka muliike m'kaneti kapena mu sokosi yakale, mulimangirire pa mpondagiya pafupi ndi chimbudzi kuti lisagwe pansi kapena kutengedwa ndi khwangwala. Tsiku limene sopo watheratu, sambani m'manja ndi phulusa loyera ndi madzi oyenda. N'kwabwino kuposa madzi okha.

Boma lili ndi mbali yake: kuonetsetsa kuti opanga sopo akupeza ndalama zakunja zogulira zipangizo, ndiponso kuona sopo ngati chinthu cha umoyo pokonza misonkho. Eni masitolo asamakankhire zotayika zonse pa antchito amene malipiro awo ndi ochepa kale. Mipingo, mizikiti ndi magulu a m'mudzi akamasonkha zothandizira okalamba ndi ana amasiye, aziikapo tabuleti ya sopo pambali pa ufa. Ndipo inu amene mwezi uno mwakwanitsa kugula paketi yaikulu, yang'anani pa mjigo Loweruka likubwerali. Mukaona mnzanu akupikicha yunifolomu ya mwana m'madzi opanda kanthu, mutapireni kapu imodzi asanachite kupempha.